Ndinatengera amayi pa sitima yaikulu ya ku Durban

Chiikireni zithunzi zija pa WhatsApp, mafunso sakutha. Wina akufunsa mtengo, wina akufuna kudziwa ngati sitimayo sipendama usiku, wina akuti kodi n'zoona kuti chakudya umangotenga osalipira. Ndiye ndati ndilembe zonse pamalo amodzi, makamaka chifukwa cha anzanga amene tili kuno ku Joni koma kumudzi tinasiya makolo oti chibadwire sanapumepo.

Ulendowu ndinaukonzera amayi. Kwathu ndi ku Nkhotakota, ndipo moyo wa amayi wonse wathera pa mpunga ndi usipa: kulawirira kunyanja kukadikira asodzi, kuyanika usipa pathandala, kutsikira kudambo, kubwerako n'kusonkha moto, kulera ife, ife titakula n'kuyamba kulera adzukulu. Ndikawaitanitsa kuno kuti adzapumeko, pobwera kuntchito ndimapeza makatani achapidwa, pansi pakolopedwa, nyemba zili pamoto. Munthu wotere sungamupumitse m'nyumba momwe muli tsache ndi mbaula. Pamafunika malo oti ngakhale afunefune bwanji, khitchini asaipeze.

Ndalama zinachokera ku chipereganyu chathu cha azimayi a kumpingo. Itafika nthawi yanga yolandira, chakumapeto kwa 2022, ndinalipira chipinda cha anthu awiri pa MSC Orchestra, ulendo wochoka ku Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique n'kubwerera. Sitima za kampani ya MSC zimabwera kuno nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, kenako zimabwerera ku Ulaya. Amayi anabwera pa basi kudzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo mapazi atasiya kutupa tinatsetsereka pa msewu wa N3 kupita ku Durban.

Pokwerera pali ku Point, pafupi ndi uShaka Marine World, pamalo amene pano amatchedwa Nelson Mandela Cruise Terminal. Zikwama umasiya polowera atazimata nambala ya chipinda, ndipo madzulo umazipeza zili pakhomo pako. Ukaonetsa pasipoti amakujambula n'kukupatsa kakhadi. Kakhadiko ndiko kiyi wa chipinda, ndiko ndalama zako, ndikonso chiphaso chotsikira ndi kukwereranso. Ka amayi ndinakamangirira pachingwe n'kuwaveka m'khosi.

Titatulukira mbali ya kumadzi, amayi anaima chilili. Sitima imene iwo amaidziwa ndi Ilala, ndipo amaidziwa bwino, poti ankaikwera ndi matumba a mpunga popita ku Likoma ndi ku Nkhata Bay. Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kubwera zidutswazidutswa kudzalumikizidwa panyanja pathu, kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52. Orchestra ndi ya mamita 294. Mutandandalika ma Ilala asanu motsogozana, simunafikebe kumapeto kwake. Inapangidwa ku Saint-Nazaire ku France, inayamba ntchito mu 2007, ndipo imanyamula alendo oposa 2,500, kuwonjezera apo antchito pafupifupi 1,000. Amayi anawerenga mizere ya mawindo ndi chala mpaka pamwamba, kenako anandigwira mkono.

"Mwanangu, yaitali chonchi kupita kumwamba, mwera ukabwera siigubuduka imeneyi?"

Funso limenelo ndi la munthu wodziwa madzi. Anthu a kunyanja kwathu sanaiwale Vipya, sitima imene inamira mu 1946 chakumpoto, kufupi ndi Chilumba, n'kupita ndi anthu 145. Agogo anga aamuna ankaisimba nkhaniyi, ndipo ankati chinaipha n'choti inali yolemera kumtunda. Ndinawafotokozera amayi monga ndinali nditamvera: zolemera zonse za sitima ngati iyi, mainjini, mafuta ndi mathanki a madzi, zili pansi penipeni, ndipo thupi lake limamira m'madzi mamita pafupifupi 8, pomwe kumtunda kumene kukuoneka kwakukuluko ndi zipinda zodzadza mpweya. Anagwedeza mutu, koma mtima unakhala pansi pokhapokha ataona maboti opulumutsira anthu atapachikidwa mzere mbali zonse ziwiri.

Sitima isananyamuke, aliyense amayenera kuphunzira zochita ngozi ikagwa. Lamuloli analikhwimitsa pambuyo pa ngozi ya sitima ya Costa Concordia, imene inagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy mu Januwale 2012, anthu 32 n'kufa, ena mwa alendo asanaphunzitsidwe n'komwe kothawira. Gombe la kuno nalo lili ndi nkhani yake: Oceanos inamira mu Ogasiti 1991 ikubwera ku Durban komweku, mwamwayi anthu onse 571 anapulumuka, ena pa maboti, ena atanyamulidwa ndi mahelikopita. Ndiye umaonera kanema m'chipinda, umamva kulira kwa belu la ngozi, maulendo 7 afupiafupi kenako kamodzi kotalika, ndipo umatsika pa masitepe, osati pa chikepe, kupita pamalo amene chilembo chake chili pa kakhadi kako. Ambiri ankachita zimenezi akuseka, chakumwa chili m'manja. Amayi ayi. Anatulutsa jekete yoyandamitsa munthu m'kabati, kuivala, kumanga malamba onse, kuyesa kawenzulo kake, kenako anandiuza kuti nanenso ndivale aone. Ndinavala. Iwo ndi amene ankachita zoyenera.

Kunyamuka kwake ndi chinthu choti munthu aone ali panja. Sitima imachoka pakhoma chammbali, popanda kugwedezeka, ikukankhidwa ndi mapulopela ena aang'ono amene ali m'mbali mwake. Ikaliza lipenga, kulirako umakumvera m'chifuwa. Imadutsa pa kanjira ka pakati pa phiri la Bluff ndi Point, anthu kumtunda akubayibitsa, ndipo nthawi yonseyi pamodzi ndi kaputeni pamakhala woyendetsa wina wa padoko pomwepo, wodziwa kuya ndi kupapatiza kwa njirayo, amene amatsika sitima ikangotuluka. Kumanzere umaona uta wa bwalo la mpira la Moses Mabhida, patsogolo pake nsanja yofiira ndi yoyera yowunikira sitima ya ku Umhlanga, kenako mtunda umayamba kuchepa.

Pamenepo m'pamene nyanja imadziwika kuti ndi nyanja. M'mbali mwa gombe limeneli mumayenda mtsinje wa m'nyanja wotchedwa Agulhas, umodzi mwa yamphamvu kwambiri padziko, ndipo umalowera kummwera pomwe sitima ikulowera kumpoto. Mphepo ikawomba motsutsana nawo, mafunde amakula. Sitimayi ili ndi zipsepse zachitsulo pansi pa madzi zimene zimatambasuka kuti zichepetse kupendama, komabe usiku woyamba mahang'ala ankagogoda m'kabati ndipo anthu m'makonde ankayenda akugwira khoma. Amene mumachita nseru pa basi, sankhani chipinda chapakati pa sitima, nsanjika zam'munsi, chifukwa kutsogolo ndi kumtunda n'kumene kumavina kwambiri. Mapiritsi a chizungulire imwani sitima isananyamuke. Amayi anagona tulo tofa nato. M'mawa anati mafunde a kuno ndi aulemu, amakunyamula pang'onopang'ono n'kukutsitsa, pomwe a mwera amachita kukumenya mbama motsatizana.

Tsopano za chakudya, poti ndi zimene ambiri mwafunsa. Inde, chakudya chili mumtengo wa tikiti. Kumtunda, pa nsanjika 13, kuli kodzitengera wekha, kotsegula pafupifupi tsiku lonse. Kumunsi kuli zipinda ziwiri zikuluzikulu zodyeramo, Villa Borghese ndi L'Ibiscus, kumene madzulo umakhala pa tebulo lomwelomwelo ndipo amakutumikira anthu omwewo ulendo wonse. Kampaniyi inayambitsidwa ndi Mtaliyana, Gianluigi Aponte, ndiye pitsa ndi pasta sizisowa, ndipo ngakhale nsanjika zili ndi maina a zoimbira a Chitaliyana, Pianoforte, Violino, Mandolino, choncho.

Madzulo oyamba, mnyamata woperekera zakudya anawakokera mpando amayi, n'kutambasula kansalu koyera, kuwayalira pamiyendo. Amayi anauma thupi. Manja awo anali pamwamba pa tebulo osadziwa kogwira, manja aja okhala ndi zipsera za mpeni ndi za moto, zala zopindika ndi khasu. Titatha kudya supu, ndinangoona asonkhanitsa mbale yawo ndi yanga, aika masipuni pamwamba, akudzuka.

"Amayi, mukupita kuti?"

"Kukapereka mbalezi. Mwanayu atopa, taona matebulo onsewa ndi ake."

Mnyamatayo anafika msanga, anawalandira mbalezo ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono. "Sit, Mama, sit," anatero akumwetulira. Anakhala, koma maso ankamutsatira mpaka analowa pa chitseko chokankha chija. Tsiku lotsatira anasonkhanitsabe mbale koma sanadzuke. Usiku womaliza sanazigwire n'komwe. Anatsamira mpando, manja ali pamiyendo, akuyang'ana anthu, ndipo atafunsidwa za zotsekemera anasankha okha, kuloza ndi chala pa pepala. Ndalama zonse za chipereganyu zija ndinalipirira zimenezo, ndipo sindidandaula ngakhale tambala imodzi.

Chimene chinawapweteka mtima, ndipo nanenso chinandipweteka, ndi khalidwe la alendo anzathu kodzitengera kuja. Munthu kudzadza mbale mpaka kusefukira, nyama, mazira, makeke pamodzi, kulumako kawiri, n'kuisiya, kukatenga ina. Amayi ankayang'ana mbale zimenezo zikupita kukatayidwa ndipo ankangoti, "Koma njala ija ya 2002." Palibe amene akukuthamangitsa, chakudya sichitha, ukhoza kubwerera kasanu. Tengani chochepa.

Madzi nawo anawadabwitsa. Anthu zikwi zitatu ndi kuposa akusamba, akumwa, akuchapiridwa, pakati pa nyanja yamchere. Sitimayi imadzipangira yokha madzi abwino kuchokera m'nyanjamo. Ena amawaphitsa ndi kutentha kwa mainjini n'kusonkhanitsa nthunzi yake, ena amawakankha mwamphamvu kudutsa pa sefa yosalola mchere. Amayi analawa a pampopi, kudikira pang'ono, kulawanso, n'kuvomereza kuti mchere mulibe.

M'mawa uliwonse ankadzuka nthawi yawo ya masiku onse, kusanache. Poti kunalibe moto woti asonkhe, tinkakwera pamwamba ndi tiyi. Nthawi imeneyo maiwe osambiramo amakhala opanda munthu, nyimbo zazima, amene ali maso ndi anyamata otsuka pansi ndi mapaipi basi. Dzuwa limatulukira m'madzi, mmene limachitira kwathu ku Nkhotakota, kungoti kuno tsidya kulibe mapiri. Tinaona tinsomba touluka tikuthawa sitima, tikuyandama pamwamba pa mafunde mtunda ndithu tisanagwerenso. Amayi anatiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti asodzi a kwathu akawauza adzati akunama. Masana kumtundako n'kwaphokoso, magule, mipikisano, ana m'madzi, ndipo usiku kuli masewero m'holo yaikulu ya Covent Garden, komwe amayi anakonda kwambiri anyamata odumpha ndi kunyamulana. Kuli kasino ndi masitolo, zomwe zimatsegulidwa sitima ikakhala panyanja, koma ife sitinali a kumeneko.

Pali anthu ena amene ndikufuna muwaganizire musanakwere. Ine kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba za anthu. Ndimadziwa kulowa m'chipinda, kuyala bedi, kutola zovala pansi, mwini wake osakuyang'ana kumaso. Kupuma konse kwa pa sitima kwakhazikika pa anthu otere, pafupifupi 1,000, ochokera ku Indonesia, Philippines, India, Madagascar, Mauritius, South Africa ndi kwina. Amasaina makontirakiti a miyezi yambiri, ndipo pa miyezi imeneyo kwawo ndi m'zipinda za m'munsi mwa sitima. Amene ankasamala chipinda chathu anali bambo wa ku Madagascar, wa msinkhu wa mchimwene wanga wamkulu. Amayi ankayala okha bedi m'mawa uliwonse, iye n'kudzayalanso mwa njira yawo ya kumeneko, n'kusiyapo thawulo lopindidwa mooneka njovu kapena kalulu. Tsiku lina anakumana pakhomo.

"Tamufunse, mayi ake alipo?" anatero amayi.

Ndinamufunsa. Anati alipo, ndipo anatulutsa foni kutionetsa chithunzi: gogo wovala chipewa cha mlaza, ataima m'munda wa mpunga, madzi akulekeza m'akakolo. Amayi anaitenga foniyo n'kuiyandikiza kumaso. Anayamba kufunsa kuti amawokera mwezi uti, mbalame amaziingitsa bwanji, amapuntha ndi chiyani, ine ndili pakati kumasulira, ngolo ya mathawulo itaima m'khonde. Pomaliza anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Uziwaimbira foni amayi ako, mwanangu." Sindinamalize n'komwe kumasulira, iye anali atamva kale.

Aliyense wa antchitowa amavala kabaji kolembedwa dzina ndi dziko lake. Werengani dzinalo, mupatseni moni nalo. Ndipo ngakhale ndalama ya antchito imakhala itawerengeredwa kale pa zolipira, kuika kenakake m'manja mwa amene wakusamalirani si kulakwa.

Portuguese Island ili pakamwa pa gombe la Maputo, moyandikana ndi chilumba chachikulupo cha Inhaca. Madzi a kumeneko ndi osaya, choncho sitima imaponya nangula kutali ndipo anthu amatengedwa pa maboti a labala okhala ndi injini. Apa m'pamene ambiri anachita mantha, pamene boti likukwera ndi kutsika pambali pa sitima ndipo uyenera kuponda pa nthawi yake. Amayi anakwinya chitenje, nsapato m'manja, anayang'ana funde, n'kulowa kamodzi n'kamodzi anyamata asanawagwire bwinobwino. Ku Nkhotakota Ilala imaimanso patali, ndipo anthu amaipeza pa maboti, mwana kumsana, thumba pamutu. Pofika kumtunda unafunika kutsikira m'madzi a m'mawondo, ndipo iwo ndi amene anagwira dzanja mayi wina wachizungu amene ankazengereza.

Pachilumbapo sipakhala anthu. Ndi mchenga woyera, zitsamba, ndi madzi obiriwira owala. Kale pankasungidwa anthu odwala khate, kutali ndi anzawo, ndipo nkhani imeneyi inandikhala mumtima pamene tinkadya nyama yowotcha pansi pa matenti, nyimbo zikulira. Nsima inalipo, imene kuno amati papa, ndipo amayi anasamba m'manja n'kudya bwinobwino, mafoloko ali pambali. Anthu a ku Inhaca amabwera pa maboti awo kudzagulitsa zitenje, zimene iwo amati capulana, ziboliboli, mikanda ndi mtedza wa kashu. Amene akufuna akhoza kulipira boti lowolokera ku Inhaca komweko, kumene kuli mudzi, msika, ndi malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja amene anakhazikitsidwa mu 1951 ndipo pano ali m'manja mwa yunivesite ya Eduardo Mondlane. Ife tinatsala. Amayi anagula zitenje ziwiri atanenerera mtengo ndi zala, kenako analowa m'madzi ndi chitenje chawo chakale. Anatapa pang'ono m'dzanja, kulawa, kulavula, kuseka. Atagona chagada anadabwa kuti madzi akuwanyamula okha, poti amchere amayandamitsa thupi kuposa a kwathu. Ndinali ndisanawaonepo amayi ali m'madzi popanda chochapa kapena chotsuka.

Ndinene mosabisa kuti ulendo wotere si wokaonera dziko la Mozambique. Umaponda mchenga wake maola ochepa, n'kubwerera kukagona pa bedi lako lomwe lija. Wofuna kudziwa Maputo, misika yake ndi anthu ake, akwere basi. Dziwaninso kuti kutsikira pachilumba kumadalira nyengo. Mafunde akakula, kaputeni amaletsa maboti, ndipo pamenepo palibe kukangana chifukwa akuteteza miyoyo. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi ya anamondwe m'nyanja imeneyi. Ife titangobwerako, namondwe Freddy anadutsa chakumpoto kwa chilumbachi mu Febuluwale 2023, n'kubwereranso mu Malichi, ndipo zimene anachita kwathu ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe tonse tikuzidziwa.

Za ndalama, mtengo umene mumauona pa chikwangwani si wonse. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa padoko, inshuwalansi ndi ya antchito ija, ndiye funsani chiwerengero chomaliza musanalipire. M'sitimamo zinthu zimagulidwa m'madola a ku America kudzera pa kakhadi kaja, ndipo poti ndalama siioneka ikutuluka m'manja, muziyang'ana bilu yanu tsiku lililonse. Madzi, tiyi ndi khofi za kodzitengera n'zaulere, koma zoziziritsa kukhosi ndi mowa n'zogula. Intaneti imadzera pa setilaiti ndipo ndi yolipira. Foni muitseke netiweki mukangochoka padoko. Chipinda chotsika mtengo ndi cham'kati, chopanda windo, ndipo kwa achinyamata ongobwera kudzagona n'chokwanira. Kwa munthu wamkulu wozolowera kudziwa nthawi poona kunja, yesetsani cha windo. Ife tinatenga chotero.

Nkhani ya mapepala ndiyo ndikupemphani muimvetse, abale anga a kuno. Kukwera sitima yopita ku Mozambique ndi kutuluka m'dziko la South Africa, chimodzimodzi kudutsa pa Beitbridge. A imigireshoni amakhala padoko pomwepo. Ngati masiku anu anatha, mudzadindidwa kuti musalowenso kwa chaka kapena zaka zingapo. Mlendo wochokera kumudzi amapatsidwa masiku 30 polowa, choncho werengani bwino kuti ulendo wonse ugwere m'kati mwa masiku amenewo, ndipo pasipoti ikhale yoti ili ndi miyezi yokwanira isanathe.

Usiku womaliza zikwama umazitulutsa pakhomo usanagone, atazimata mapepala a mitundu yosonyeza gulu lotsika nalo. Podzuka tinapeza Bluff ili pawindo, sitima yamangidwa kale. Pomwe tinkatuluka m'chipinda cha m'ma 7, bambo wa ku Madagascar uja anali atavula kale mabedi a theka la khonde, nsalu zili milumilu. Amayi anamusiyira chitenje chimodzi mwa ziwiri zija kuti akapatse mayi ake. Pansi padoko malole a masamba, nyama ndi zakumwa anali atafola, ndipo kunja kwa geti mzere wa alendo atsopano unali utayamba, chifukwa sitimayo inkanyamukanso madzulo a tsiku lomwelo. Pobwerera pa N3 amayi anandiuza kuti chipereganyu chikadzandifikanso ndidzatenge mng'ono wawo wa ku Dwangwa, amene wakhala akudula nzimbe ndi kulera ana amasiye, ndipo iwo adzatsala ndi adzukulu. Ndayamba kale kufunsa za ulendo wa ku Pomene, chakumpoto m'chigawo cha Inhambane, ndipo ndikufuna chipinda cha anthu atatu.